Chikhatho cha Gedo Ayad

Demiana ankakhala ku Shubra, mu mzinda wa Kairo. Ankakhala ndi amayi ake. Ankakhalanso ndi agogo ake aamuna, a Ayad. Iye ankawaitana kuti Gedo.

Demiana ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Gedo asekenso.

Kale Gedo ankaseka kwambiri. Akaseka, makapu a tiyi ankagwedera pa tebulo. Koma maso awo anadwala. Anachita khungu. Kuyambira pamenepo anangoti zii. Ankangokhala pa mpando, pafupi ndi zenera. Zinali zomvetsa chisoni, inu.

Maso asanadwale, Gedo analonjeza chinthu.

"Demiana, ndidzapita nawe ku nyumba zitatu za zinthu zakale," anatero. "Amayi ako ndinapita nawonso ali msinkhu wakowu."

Tsiku lina m'mawa Gedo anavala nsapato. Anatenga ndodo yawo yoyera.

"Ndinalonjeza," anatero. "Tiyeni. Koma tikamaliza nyumba yachitatu, basi. Sindidzatulukanso pakhomo pano. Ndatopa n'kukokedwa pamsewu ngati mbuzi."

Amayi anapukuta misozi ndi mpango. Demiana anachita mantha. Nyumba zitatu zokha? Kenako Gedo pa mpando mpaka kalekale?

Nyumba yoyamba inali ya mafumu akale, Afarao. Inali yaikulu zedi. Demiana anagwira mkono wa Gedo. Amayi ankabwera pambuyo ndi chikwama cha buledi ndi nyemba.

"Gedo, apa pali mfumu ya mwala!" anatero Demiana. "Ndi yaitali kuposa basi!"

"Ndamva," anatero Gedo.

"Gedo, apa pali mphaka wa mwala! Wavala ndolo!"

"Ndamva," anatero Gedo.

Gedo sanaseke.

Tsiku lina anapita ku nyumba yachiwiri. Inali ya zinthu zokongola za Asilamu akale.

"Gedo, apa pali nyali ya galasi ya mumzikiti! Ili ndi malemba abuluu!"

"Ndamva," anatero Gedo.

"Gedo, apa pali chitseko chodzaza nyenyezi!"

"Ndamva," anatero Gedo.

Demiana analankhula, analankhula, mpaka kukhosi kunauma. Koma Gedo sanaseke.

Inatsala nyumba imodzi.

Tsiku lopita ku nyumba yotsalayo Demiana sanadye bwino. Onse atatu anakwera sitima ya pansi pa nthaka. Anatsika pa siteshoni ya Mari Girigisi. Anadutsa pafupi ndi khoma lakale lofiira. Analowa m'nyumba yachitatu. Inali ya zinthu zakale za Akhristu a kuno ku Kairo.

M'katimo munali phee. Munali mozizira bwino. Gedo anaima. Ananunkhiza mpweya.

"Muno mukumveka fungo la matabwa akale," anatero. "Ngati m'tchalitchi."

Mlonda wa pakhomo anauza amayi kuti chakudya sichilowa. Amayi anabwerera kukasiya chikwama.

"Tsogolani," anatero amayi. "Demiana, uwagwire bwino agogo ako."

Demiana ndi Gedo anakwera masitepe. Analowa m'chipinda cha zithunzi. Pa khoma panali chithunzi chakale kwambiri. Chinali chojambulidwa pa thabwa. Chinali cha Mariya atanyamula Mwana.

"Gedo," ananong'ona Demiana, "apa pali Mayi Mariya."

"Ali pati?" anafunsa Gedo.

Aka kanali koyamba Gedo kufunsa funso.

Tsono ife Akhristu a kuno tili ndi mwambo wathu. Tikalowa m'tchalitchi timakhudza chithunzi cha woyera. Kenako timapsompsona zala zathu. Ndi mmene timatengera madalitso. Mwana amaphunzira zimenezi asanadziwe n'kulankhula komwe. Dzanja limangopita lokha.

Dzanja la Gedo linakwera lokha. Demiana anakondwa. Analigwira. Analiongolera ku chithunzi. Kutsogolo kwa chithunzicho kunali chingwe chotchinga, koma iye sanachisamale.

"Eee! Eee! Osagwira! Bambo inu, osagwira!"

Anali mlonda wa m'chipindamo. Mawu ake anamveka nyumba yonse. Alendo onse anatembenuka. Onse anayang'ana Gedo.

Gedo anabweza dzanja msanga, ngati akhudza moto. Ndodo inagwa pansi, khoo!

Mlonda anafika akuthamanga. Anaona ndodo yoyera pansi. Anaona maso a Gedo. Anagwira pakamwa.

"Mundikhululukire, bambo anga," anatero. "Sindinaone. Ine ndine Hamdi. Khalani apa, chonde."

A Hamdi anabweretsa mpando wawo. Anatola ndodo. Kenako anawerama kwa Demiana.

"Mwana wanga, muno si m'tchalitchi," anatero mofatsa. "Chithunzichi n'chokalamba kuposa agogo a agogo ako. Aliyense akachikhudza, utoto utha. Mayiyu afufutika."

"Pepani, amalume," anatero Demiana. "Ndine ndalakwa. Si Gedo ayi."

A Hamdi anabwerera pakhomo la chipinda. Nawonso anali ndi chisoni.

Gedo anakhala pa mpando. Anazyolika.

"Ndakalamba kuti ndizikalipiridwa pagulu," anatero. "Maso ndilibe. Manja andiletsa. Ndatsala ndi chiyani? Amayi ako akabwera, tizipita. Zatha."

Demiana anagwada pansi. Misozi inatsika. Anagwira dzanja la Gedo. Linali lozizira.

M'munsi mwa chikhatho cha Gedo munali kamtanda kabuluu. Anawatemera pakhungu ngati mphini ali mwana. Demiana nayenso anali nako kake. Anakasisita kamtanda ka Gedo ndi chala.

Pafupi pawo panali mwala wosema. Pa mwalawo panali mtanda wachilendo. Demiana ankauyang'ana uku akulira. Chala chake chinayamba kuyenda m'chikhatho cha Gedo. Chinatsika. Chinapingasa. Chinazungulira pamwamba.

"Walakwitsa," anatero Gedo. "Mtanda sukhala ndi mutu wozungulira."

"Sindinalakwitse," anatero Demiana. "Uli pa mwala apo. Ndi wotero."

Gedo anadzutsa mutu.

"Bwereza," anatero.

Demiana anabwereza. Chala chinatsika. Chinapingasa. Chinazungulira pamwamba.

"Aaa," anatero Gedo pang'onopang'ono. "Ndaukumbuka. Ndi chizindikiro cha moyo, cha makolo akale aja a nthawi ya Afarao. Akhristu oyamba anachitenga n'kuchisandutsa mtanda. Demiana, ndauona."

Demiana anasiya kulira.

"Mwati chiyani, Gedo?"

"Ndati ndauona. Palinso chiyani?"

Demiana anadzuka. Anathamangira pa mwala wina. Anayang'anitsitsa. Anabwerera. Anatenga chikhatho cha Gedo n'kujambula.

"Nsomba," anatero Gedo. "Ndaiona. Koma iwe, nsomba yake yonenepa chonchi? Yadya mbale yako ya nyemba?"

"Ndi mmene ilili!" anatero Demiana.

"Bodza. Yafanana ndi chivwende."

Pakona pa milomo ya Gedo panagwedera pang'ono.

Demiana anathamangiranso kwina. Anabwerera. Anajambula.

"Nthambi ya mphesa," anatero Gedo. "Ndaiona."

Anathamanganso. Anabwerera. Anajambula.

"Mbalame," anatero Gedo. "Ndaiona. Ili ndi mchira wautali."

A Hamdi ankaonerera ali pakhomo. Anasendera pafupi.

"Mwana wanga, usathamange, ungagwe," anatero. "Koma pakona apo pali mkango. Aonetse agogo. Anthu ambiri amangoudutsa."

Demiana anayenda bwinobwino. Anauona mkango. Anabwerera. Anajambula.

"Galu," anatero Gedo.

"Ndi mkango, Gedo!"

"Mkango wa njala ndithu," anatero Gedo.

A Hamdi anaseka, n'kubisa pakamwa ndi dzanja.

Amayi analowa m'chipinda. Anaona bambo awo atatambasula chikhatho. Anaona Demiana akujambula. Anaima pomwepo.

Kenako Gedo anatsitsa mawu.

"Demiana, watsala mmodzi. Ndionetse Mayi uja."

Demiana anaima kutsogolo kwa chithunzi. Anaima kuseri kwa chingwe. Manja anawaika kumbuyo. Anayang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana nkhope. Anayang'ana maso. Anayang'ana Mwana. Sanafune kuiwala kanthu.

Anabwerera. Anagwada. Anatenga chikhatho cha Gedo ndi manja awiri.

Anajambula nkhope. Anajambula pang'onopang'ono.

"Nkhope yaitali," ananong'ona Gedo.

Anajambula maso awiri.

"Maso aakulu," ananong'ona Gedo. "Akuyang'ana kuti?"

"Akuyang'ana inu, Gedo."

Anajambula mkono wopindika. Pa mkonopo anajambula kamutu kakang'ono.

"Mwana," ananong'ona Gedo.

M'chipinda monse munali phee. Alendo anasiya kulankhula. A Hamdi anavula chipewa chawo.

Gedo anatseka chikhatho mosamala. Anachikweza. Anachitsegula pakamwa pawo. Anachipsompsona.

Kenako anafufuza chala cha Demiana. Anachipeza. Anachipsompsonanso.

"Ndawaona," anatero. "Ndipo madalitso ndatenga."

Misozi inatsika m'masaya a Gedo. Inatsikanso m'masaya a amayi. Koma sinali misozi ngati ya kale ija.

Potuluka, Gedo anaima pakhomo la chipinda.

"A Hamdi, muli pati?"

"Ndili pano, bambo anga."

"Mawu muli nawo, mwana wanga. Mungadzutse Farao."

"Mundikhululukire, bambo."

"Palibe mlandu. Muziwasamala Mayiwo. Mulungu akusungeni."

"Nanunso akusungeni," anatero a Hamdi. Anagwirana chanza.

Panjira Gedo anapempha madzi a nzimbe. Anamwa kapu yonse. Koma Demiana anali ndi nkhawa. Nyumba yachitatu inali itatha. Gedo anali atanena kuti basi. Demiana anaopa kufunsa.

M'mawa mwake Demiana anadzuka. Anayang'ana pa zenera. Mpando unalipo. Gedo panalibe.

"Amayi! Gedo ali kuti?"

Amayi anali atanyamula makapu a tiyi. Analoza ndi mutu.

Gedo anali ataima pakhomo. Nsapato anali atavala. Ndodo inali m'manja.

"Iwe waulesi, dzuwa lakwera," anatero. "Vala msanga."

"Tikupita kuti, Gedo? Nyumba zija zatha."

"Zatha bwanji? Ine ndaona imodzi yokha. Ziwiri zija ndinangozimva. Ndikufuna mphaka wa ndolo uja. Ndikufuna chitseko cha nyenyezi."

"Nanga mfumu ya mwala ija?" anafunsa Demiana. "Ndi yaitali kuposa basi. Sikwana m'chikhatho!"

"Uyambire pa chala," anatero Gedo, "ukathere pa phewa."

Ndipo Gedo anaseka. Anaseka kwambiri. Makapu a tiyi anagwedera m'manja mwa amayi.

Demiana anavala nsapato. Gedo anatambasula chikhatho. Demiana anaikamo dzanja lake, ndipo onse atatu anatsika masitepe.