Fanelo Yobwereka

Patsiku lachinayi chibadwire mwana wake, telala wina anali atakhala pabedi m'wodi ya amayi, katani atatseka, akulimbana ndi kapampu kokamira mkaka ngati kamulakwira. Mwanayo anabadwa masiku asanakwane, ndipo anali wamng'ono kwambiri moti mayi akeyo anamutcha Kabatani. Ankagona m'chipinda cha makanda kutsidya kwa khonde. Maola atatu aliwonse ankafunika mkaka wa m'mawere wofika pakamzere koyamba ka botolo.

Vuto linali lakuti nsonga za mawere a telalayo zinali zophwatalala. Kabatani akati ayamwe, kakamwa kake kankangoterereka mpaka ankatopa n'kugona ndi njala. Sikelo nayo sinkabisa mawu, mwana ankatsika m'malo mokwera.

Kapampuko anabwera nako ndi mlamu wake, mayi wa ana anayi amene pakamwa pake sipankatera ntchentche. "Kameneka kanandilerera ana onse," anatero mlamuyo. "Muzingopana mwamphamvu, alamu. Mkaka sutulukira munthu waulesi."

Telala sanali waulesi, ndiye ankapanadi ndi mphamvu zonse. Koma fanelo ya kapampuko, ija imakhala pabere, inali yaikulu. M'malo mokoka nsonga yokha inkameza ndi khungu lozungulira lomwe, ululu n'kumamufika mpaka kumsana. Pakutha theka la ola, m'botolo munkangokhala timadontho tosadzadza ndi supuni yomwe.

Zimenezi sanauze munthu. Anzake ankadutsa pakhonde mabotolo ali tho, iye manyazi atamugwira. Namwino akafunsa, ankangoyankhira kuseri kwa katani kuti zikuyenda. Mumtima ankati, "Ndilimbana nako ndekha mpaka katheke."

M'mawa umenewo namwino, mayi wamtali wa magalasi olendewera pachingwe, sanafunsenso. Anangokoka katani uja. "Amake Kabatani, botolo lili kuti? Abwana anu adzuka kale, akufuna chakudya."

Telala anayesa kubisa botolo m'nsalu koma anachedwa. Namwino anaona timadontho tija, anaonanso bere litatupa n'kufiira. Misozi imene telala anaisunga masiku anayi inangoti mbwee.

"Mawere angawa ndi opanda pake, anamwino," anatero. "Mwana wanga akutha ine ndili pompano."

Namwino anakhala m'mphepete mwa bedi n'kutenga fanelo ija, kuitembenuza uku ndi uku. "Paja mumagwira ntchito yanji?"

"Ndine telala."

"Chabwino. Munthu akabwera atavala diresi la mlamu wake likumukhwepa, inu mumamuuza kuti thupi lake ndi lopanda pake?"

Telala anapukuta m'maso. "Ayi. Timamuyeza."

"Nanga inu anakuyezani ndani? Safunsa anadya phula, mayi."

Telala anaseka misozi ili m'masaya. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa tepi yake yoyezera, imene sankaisiya ngakhale popita ku ukwati. Anayeza yekha kukula kwa nsonga ya bere, mosamala ngati akuyeza kolala ya kasitomala wovuta. Namwino atamva nambalayo anapita kukabati n'kubwera ndi fanelo yaing'ono, yowiritsa kale, komanso kansalu konyika m'madzi ofunda.

"Muyambe mwafunditsa bere," anatero. "Kenako mulisisite kuchokera kukhwapa kutsikira kunsonga. Nsongayo muipotokole pang'ono ndi zala kuti idzuke, ndipo ikhale pakati penipeni pa fanelo. Popana muzipana mofatsa. Mukamva kupweteka musiye, ululu si umboni wa khama."

Telala anachita zonse monga anauzidwira. Mphindi ziwiri zinadutsa, botolo lili gwa. Dzanja linayamba kumuyabwa kuti apane mwamphamvu ngati kale, koma analiletsa. Ankadziwa bwino zimene zimachitika munthu akamakoka nsalu pamakina mopupuluma, ulusi umaduka. Anapuma mozama n'kuganizira tizala ta Kabatani.

Dontho linagwa. Linatsatira lina, kenako kamkaka kanayamba kutsetsereka m'mbali mwa botolo. Ulendo umenewo mkaka unangofika theka la kamzere, koma telala sanagwe ulesi. Anamwa madzi, anapumula, masana n'kuyambiranso. Dzuwa likupendeka, mkaka unali utadutsa kamzere kaja.

Atachotsa fanelo anaona chinthu china, nsonga ija inali itatuluka. "Fulumirani isanabwerere," anatero namwino. Telala anawoloka khonde patapata atavala phazi limodzi. Kabatani ananunkhiza, anaphonya, anaphonyanso, kachitatu n'kugwira. Mayiyo anamva kukoka kwa kakamwa kaja ndipo anasangalala kwambiri.

Mlamu atabwera tsiku lotsatira n'kumva kuti sikelo yasiya kutsika, anaomba m'manja. "Mwaonatu! Ndinanena ine kuti muzipana mwamphamvu."

"Kapampu kanu ndi kabwino, alamu, zikomo," anatero telala akumupatsira fanelo yaikulu ija. "Koma iyi ndi saizi yanu."

Mlamu atapita, telala anamva kaphokoso kodziwika pabedi lakumapeto. Katani anali wotseka, ndipo kuseri kwake wina ankapana kapampu mwaukali, uku akufwenthera chamumtima. Telala anaima pang'ono. Kenako anakoleka tepi yake m'khosi n'kupita pakatani paja.

"Odi kuno, asisi," anatero motsitsa mawu. "Ndine telala. Kodi inu anakuyezani?"