Zitsulo za Chimphona

Insipekitala anafika pajimu, malo onyamulira zitsulo, nthawi ya 6 koloko m'mawa Lolemba, napeza anthu ovala makabudula ataunjikana pakhomo, kukamwa kuli yasa. Mkati munkanunkha thukuta ladzulo. Mwini malowo, amene aliyense ankangomutcha Chimphona, anali chagada pabenchi, mpiringidzo wachitsulo utamukanikiza pakhosi. Mbali iliyonse ya mpiringidzowo kunali mawilo awiri akuda.

"Ngozi, bwana," anatero Sajeni, mayi amene anagwira naye ntchito zaka zambiri mpaka kuleka kumuopa. "Ankanyamula yekha. Makasitomala amupeza chonchi, chitseko chili chotseka."

Wojambula zithunzi atamaliza, Insipekitala anavula jekete kuti achotse chitsulocho. Pawindo panali atsikana akusuzumira, ndiye anakana kuthandizidwa. Anakoka. Chitsulo chili phee. Anakokanso, mitsempha ya m'khosi ili tuu, mpaka batani la malaya linathothoka. Anyamata awiri a m'jimumo anabwera n'kuchinyamula akucheza za mpira.

"Musadandaule, bwana, nkhaniyi ithera m'chipinda chino," anatero Sajeni, akuyang'ana mafoni amene anali m'mwamba pawindo paja.

Mkazi wa malemuyo anali patebulo lolandirira anthu, mayi wochepa thupi, manja ali pamiyendo.

"Amuna anga amalawira 5 koloko kudzayeserera okha," anatero. "Ine ndimabwera pambuyo. Zitsulo sindizikhudza, bambo. Ntchito yanga ndi mpando uno."

Makasitomala onse ananena chimodzi. M'mawa uliwonse Chimphona ankanyamula mpiringidzo womwewo iwo akuona, ngati akunyamula pilo. Benchiyo inali yake yekha. Wina akangoyandikira mawilo ake, ankathamangitsidwa.

Masana, dokotala wopima mitembo anamuitanitsa.

"Tsinani pakati pa chala chanu chachikulu ndi cholozera. Pali kanyama eti? Tsopano onani apa."

Pa dzanja la Chimphona panali dzenje, khungu lokhalokha.

"Minofu ndi antchito aulesi, achimwene," anatero dokotalayo. "Siigwira ntchito isanalamulidwe. Lamulo limachoka ku ubongo, kutsika mu msana, kudutsa m'mitsempha mpaka kukafika pa mnofu. Mtsempha ukafa, mnofu umadikira, kudikira, kenako umafota. Mitsempha ya munthu uyu inayamba kufa kalekale. Chifuwa chikuonekabe chachikulu, koma kumanga batani la malaya kunkamuvuta."

"Nanga chitsulo chija?"

"Kuchisuntha pa ngowe zake, mwina. Kuchigwira m'mwamba, iyayi."

Insipekitala anabwerera kujimu ndi zoona ziwiri zimene sizinkafuna kukhala m'chipinda chimodzi: munthu wosatha kumanga batani, ndi mboni zomuona akunyamula zitsulo tsiku ndi tsiku. Anatsegulitsa kachipinda kosungiramo katundu. Kuseri kwa matiresi anapeza mawilo ena anayi, akuda, olembedwa manambala bwinobwino. Sajeni ananyamula limodzi ndi chala chimodzi. Linali la thabwa.

"Awa ndiye saizi yanu, bwana."

Insipekitala sanaseke. Iyi sinalinso ngozi. Wina amene ankadziwa chinsinsi cha Chimphona anachotsa matabwa n'kuikapo zitsulo zenizeni.

Makiyi a malowo anali ndi anthu atatu: malemuyo, mkazi wake, ndi mng'ono wake, kalipentala. Kasitomala wina anakumbuka kuti sabata yathayo abale awiriwo anakangana, ndipo kalipentalayo anatuluka akukuwa kuti, "Ndiulula!"

Lachiwiri, m'chipinda chofunsira mafunso, kalipentala sanadzutse mutu.

"Mawilo awa mwawapala ndinu?"

"Ndine, bwana. Anabwera kushedi kwanga akulira. Munthu amene ankandinyamula ndi dzanja limodzi ndili mwana. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu."

"Nanga 'ndiulula' uja?"

"Ndinkafuna apite kuchipatala. Anandiyankha kuti bola kufa kusiyana n'kukakhala pamzere wa odwala anthu akumuona."

"Ndiye munamuthandiza kusankha."

"Bwana, ndi mkulu wanga! Mimba imodzi!"

Insipekitala anamva kale mawu amenewo kwa anthu ambiri opha abale awo. Anamutsekera, nauza akuluakulu ake kuti Lachinayi mlandu upita kukhoti.

Lachitatu anadzuka thupi lisali lake. Mapewa ankayaka, ntchafu zili gwa, ndipo jekete anamuveka ndi mkazi wake, amene anali ataona kale pafoni ya mnzake kanema wa iye akulimbana ndi chitsulo chija. Kuofesi anaimbira dokotala, kunamizira kufunsa za lipoti.

"Mawu anu akutsimphina," anatero dokotalayo. "Ndi chitsulo chija eti? Mnofu wosazolowera ukakakamizidwa umang'ambika ting'onoting'ono mkati. Tsiku lomwelo sumva kanthu. Pakapita masiku awiri ndiye umabwera kudzakufunsa kuti unkadziona ngati ndani. Ozolowera katundu sizimawachitikira. Imwani madzi, musiye kudzionetsera kwa atsikana."

Cha m'ma 10 koloko, Sajeni analowetsa mkazi wa Chimphona, amene anabwera kudzatenga wotchi ndi foni ya mwamuna wake. Insipekitala anamulozera mpando. Mayiyo anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri, natsika pang'onopang'ono, ndipo atatsala pang'ono kufika anangodzigwetsa, mpweya ukutulukira m'mano.

Insipekitala anakudziwa kukhala kumeneko. Ndi mmene iye anakhalira pampando wake m'mawa womwewo. Anakumbukanso kalipentala muselo, akudziwongola manja m'mwamba popanda kusintha nkhope, munthu wosenza matabwa tsiku lililonse.

Anatenga kaphukusi ka katundu uja n'kukanyamula m'mwamba pang'ono, mapewa ake akulira.

"Landirani, mayi."

Dzanja la mayiyo linakwera kufika pachifuwa n'kuima. Chikhadabo cha chala chapakati chinali chakuda, ngati chopanidwa ndi chinthu cholemera.

"Zikupwetekani pati? Ine ndi mapewa ndi ntchafu. Tanyamula katundu mmodzi, mayi, tsiku limodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti inu munakwanitsa."

"Ndi maliro, bambo. Thupi latopa."

"Chisoni sichipana chala. Alamu anu agona muselo chifukwa cha ine, ndipo mawa ndikawaimika pamaso pa woweruza. Kodi nawonso muwasiya pansi pa chitsulo?"

Mayiyo anayang'ana chikhadabo chake.

"Mawilo achitsulowo ndinawagudubuza pansi," anatero. "Koma kuwakweza pa mpiringidzo, ndinachita kulumira mano."

Sajeni anatseka chitseko n'kukhala pansi.

"Kunyumba manja awo ndinali ine. Kuwamanga mabatani, kuwameta, kuwadulira nyama m'mbale, makatani ali otseka. Tikafika pajimu, ankandiimika pamaso pa makasitomala n'kunditsina mkono. 'Onani, amayi, mukapanda kunyamula zitsulo mudzakhala ngati kankhuku kangaka.' Anthu n'kumaseka. Ine n'kumasekanso, poti malaya amene avalawo ndawamanga ndine."

"Ndiye munaganiza zowapha."

"Ayi. Poyamba ayi. Ndinkafuna chiwakanike, aitane dzina langa, anene pakamwa pawo kuti ndadwala. Ndinalawira iwo asanadzuke, ndinasintha mawilo, n'kubisala mukachipinda kaja. Ndinkati akaitana, ndithamangira mlonda wapasitolo yoyandikana nafe. Anabwera akuimba mluzu. Anagona, anakankha. Chinatsika pachifuwa kamodzi n'kamodzi."

"Anaitana?"

"Ndinatuluka ndekha. Anandiona. Chitseko chakumsewu anali atachisiya chotsegula, ndipo kunja anthu anali atayamba kudutsa. Ndinati, 'Bambo, ndikaitane anthu.' Mpweya unali utawatsalira wa mawu ochepa, chitsulo chikugudubukira kukhosi. Anati, 'Tseka chitseko, angaone.'"

Insipekitala anaika kaphukusi kaja patebulo.

"Zaka zonsezi sindinawakanirepo kanthu," anatero mayiyo. "Ndinatseka. Kungoti ndinatsekera kunja, n'kumapita kunyumba."

Sajeni anamugwira pachigongono, mosamala kuti asamupweteke, n'kutuluka naye.

Insipekitala anatenga makiyi a selo. Akanatha kutuma munthu, koma anatsika yekha masitepe, akugwirira khoma ngati nkhalamba. Kalipentala anaimirira atamuona. Loko wa chitsekocho anali m'mwamba, ndipo dzanja la Insipekitala linakwera kufika pachifuwa n'kuima.

Anayang'ana uku ndi uku m'khonde. Apolisi awiri anali pabenchi, akumuyang'ana. Anapereka makiyiwo kudzera m'zitsulo za chitseko.

"Ndinalakwitsa, achimwene," anatero mokweza kuti onse amve. "Ndipo dzanjali likukana. Tandithandizani."