Nyerere pa Bolodi la Adadi

Panali mtsikana wina. Adadi ake ankamuitana kuti Kanyerere.

"Kanyerere-e! Bwera kuno!"

Koma adadi anadwala matenda a mitsempha. Miyendo inafooka. Manja anafooka. Mawu nawonso anafooka. Maso okha ndiwo anatsala amphamvu.

Kanyerere ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna adadi amuitanenso.

Ankakhala pawindo n'kumayang'ana kumwamba. Mwina mawu a adadi anauluka ngati timbalame. Mwina anatera pamtambo. Inu ana, pawindo osatsamira, mungagwe!

Lachitatu anapita kuchipatala, iye, amayi ndi adadi. Othandiza onse anali m'chipinda chimodzi. Panali adokotala. Panali anesi. Panali amayi oona za zakudya. Panali aphunzitsi a zolankhula.

Aphunzitsi anatulutsa bolodi la zithunzi. Panali kapu. Panali bedi. Panali mankhwala.

"Mukafuna chinthu, chiyang'aneni," anatero.

Adadi sanayang'ane kapu. Sanayang'ane bedi. Anayang'ana pakona pa bolodi, popanda chithunzi.

"Pakupweteka?" anafunsa adokotala.

Maso ali pakona.

"Ndikutembenuzeni?" anafunsa anesi.

Maso ali pakona.

"Kapena ludzu?" anafunsa a zakudya. Anakonza madzi okhuthala pasupuni. Wodwala chonchi osamumwetsa mothamanga, ana inu. Angatsamwe!

Koma maso ali pakona pomwepo.

Anesi anaseka. "Kalanga ine! Anthu anayi, masukulu onsewa, tagwa mayeso! Iwe mwana, adadi ako umawadziwa ndiwe. Tithandize. Pabolodipa pasowa chiyani?"

Kanyerere anayang'ana kapu. Anayang'ana bedi. Anayang'ana pakona paja.

Anabwereka cholembera cha adokotala. Pakona paja anajambula kamutu. Anajambula kamimba. Anajambula timiyendo, pang'onopang'ono.

Inali nyerere.

Adadi anayang'ana nyerere. Anayang'ana mwana wawo. Anayang'ananso nyerere. Maso anawala.

"Akukuitana," amayi ananong'ona.

"Ndabwera, adadi!"

Kanyerere anathamanga. M'chipatala sathamanga, ndikudziwa. Koma tsiku limenelo palibe anamuletsa.

Anagoneka mutu pachifuwa cha adadi. Anatsinzina. Timbalame tija tinatsika pamtambo. Tinatera pabolodi, kamodzikamodzi.

Amayi analoza pansi pa nyerere.

"Mwanawe," anatero, "apa ujambulepo ine."