Mapepala Okulungira Zitumbuwa

Salome anali kumunda wa mpunga ku sikimu ya Lifuwu, akukoka chingwe cha zitini kuti mpheta zithawe, pamene anaona mnzake Zuleka akuthamanga m'mbali mwa ngalande, mpango utatsetserekera m'khosi. Zuleka sanali munthu wothamanga wamba. Ngakhale belu la kusukulu likalira, iye ankayenda ngati mkwatibwi.

"Salome, wallahi undikhululukire!" anatero akupumira m'mwamba. "Mapepala ako aja amayi akulungira zitumbuwa."

"Mapepala ati?"

"Omwe unandisungitsa aja. Ndinawaika m'basiketi kuti ang'ono anga asawang'ambe. Ine ndili kumadirasa m'mawa uno, amayi anyamula basiketi yonse ulendo kumsika. Akuti amaona ngati ndi akale."

Salome anasiya chingwe chija. "Ndiye agula ndani?"

Zuleka anayang'ana pansi. "Anthu ambiri. Koma mmodzi mwa iwo ndi bambo ako."

Mpheta zinatera pampunga mwaufulu, koma Salome sanazione n'komwe. Anangokhala pansi pamatope pomwepo.

Nkhani yake inali yotere. Salome anali mu Fomu 1 pa sekondale yoyendera, ndipo mwezi umenewo aphunzitsi a Hisitole anali pamutu wa chiyambi cha munthu. Anawauza za mafupa akalekale omwe akatswiri anafukula m'nthaka ya Afirika, za miyala yomwe anthu oyambirira ankasema kuti ikhale mipeni, ndi momwe zamoyo zimasinthira pang'onopang'ono mibadwo ikamapita. Salome analemba zonse pa mapepala asanu ndi atatu, n'kujambulapo zigaza zooneka bwino moti aphunzitsi anayendetsa kope lake kalasi yonse. Chomwe chinkamuopsa kwambiri n'chakuti phunzirolo linkamukoma.

Ndiye Lamulungu lina kutchalitchi kwawo kunabwera mlaliki wochokera kutali, wa mawu ngati bingu. "Ana anu akuphunzitsidwa kuti agogo awo ndi anyani!" anakuwa, uku akumenya tebulo. "Kuli bwino mwana akhale pakhomo azilima, kusiyana n'kuti akatayire moyo wake m'kalasi!" Anthu anavomera, koma Amen yemwe anamveka mpaka panja anali wa a Elliot Kamphinda, mkulu wa mpingo, bambo ake a Salome.

A Kamphinda anali ndi mwambo wawo. Iwo sukulu analekera Fomu 2, ndipo chilonda chimenecho sichinapole. N'chifukwa chake Lachisanu lililonse ankaitanitsa makope onse a mwana wawo, kuvala magalasi, n'kuyamba kuwerenga tsamba ndi tsamba ngati woyang'anira mayeso. Choncho Lachinayi Salome anang'amba mapepala asanu ndi atatu aja n'kumupatsa Zuleka kuti amusungire.

"Kope ili laonda bwanji?" anafunsa a Kamphinda mawa lake.

"Aphunzitsi akhala akudwala, Ababa," anayankha Salome. Kanali koyamba kuwanamiza bambo ake.

Tsopano linali Loweruka, ndipo zomwe anabisa zinali m'manja mwa bambo ake, zitanona ndi mafuta.

"Gwira chingwechi," Salome anamuuza Zuleka. "Mwina ena atsala."

Anathamanga mpaka kumsika. Anawapeza amayi a Zuleka, a Karima, atakhala kumbuyo kwa basiketi yawo, akukulunga zitumbuwa ndi zidutswa za pepala la simenti.

"Mwana wanga, pepa," anatero a Karima. "Ine Chingerezi sindiwerenga, kwa ine pepala ndi pepala. Bambo ako anagula ziwiri n'kumapita. Sanafike n'komwe pa chigayo paja, ndangoona abwerera, pepala lili m'manja, nkhope ili gwa. Akuti, 'Mayi, ena otere ali kuti?' Atatu omwe anatsala atenga, andisiyira la simentili. Kenako andifunsa aliyense amene wagula."

"Aliyense?"

"Mmodzimmodzi. Telala uja, akabaza awiri, ndi mayi wa tomato."

Pansi pa mtengo pomwe akabaza amadikirira anthu, mnyamata wina anamuzindikira. "Iwe, mdala wako watani lero? Wandilanda pepala ndisanamalize kudya. Kodi munalembamo manambala a mwayi?" Anzake anaseka, koma Salome anangotembenuka.

Apa anadziwa kuti madzi achita katondo. Bambo ake anali kusonkhanitsa umboni. Mwina akawaonetsa abusa. Mwina Lolemba akapita nawo kwa ahedi, kukanena kuti mwana wawo asiye sukulu. Anadziona akukoka chingwe cha zitini chaka ndi chaka, anzake akudutsa ndi yunifolomu pamsewu. Ndipo pansi pa mantha amenewo panali ena, omwe sanamuuzeko ngakhale Zuleka: ngati phunziro lija linamukoma, ndipo mbali zina zinamveka zoona, kodi iye anali akadali Mkhristu?

Kuchokera kumsika kufika kwawo ndi pafupi, koma tsiku limenelo njira inatalika. Anaima pa mjigo n'kumwa madzi opanda ludzu. Anamanganso zingwe za nsapato zomwe zinali zomanga kale. Koma mlandu suwola, ndipo dzuwa lili pamutu anatulukira pakhomo.

A Kamphinda anali atakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mango, magalasi ali pamphuno. Patsogolo pawo anayala mphasa, ndipo pamphasapo panali mapepala aja, atandandalikidwa mwadongosolo, lililonse litapsinjidwa ndi kamwala. Mafuta anali atawalowerera moti ena ankaonekera kuseri. Nyerere zinali zitayamba kale kuwayendera.

"Khala apo," anatero osadzutsa mutu.

Salome anagwada kumapeto kwa mphasa.

"Alipo seveni. Linalo ladyedwa ndi mbuzi kuseri kwa telala, ndaipeza ikumalizitsa. Ili ndi dzanja lako?"

"Eya, Ababa."

"Aphunzitsi ako achira?"

Misozi inayamba yokha. "Sanadwale, Ababa. Ndinanama. Ndinang'amba ndekha."

"Chifukwa?"

"Ndimaopa kuti mukawaona mundisiyitsa sukulu. Mlaliki uja atanena zija, inu munati Amen."

A Kamphinda anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya kwa nthawi yaitali. "Amen ndinanenadi," anatero potsiriza. "Mokweza kumene. Ndipo lero ndachita manyazi kawiri. Koyamba, kuona dzanja la mwana wanga likukulunga zitumbuwa pamsika. Kachiwiri, nditawerenga. Chingerezi changa n'chakale, koma pepala ili ndalibwereza katatu." Ananyamula limodzi n'kukutumula nyerere. "Apa sipakunena kuti agogo ako anali nyani."

"Ayi," anatero Salome akufwenthera. "Aphunzitsi akuti akatswiri amati ife ndi anyani akuluakulu tinachokera ku kholo limodzi lakalekale, kenako aliyense analowera kwake. Sikuti nyani wa kumalo osungira nyama ku Kuti adzasanduka munthu ayi."

"Waona? Ndiye kuti ine ndinavomera nyimbo yosaidziwa. Mlaliki uja kope lako sanalione, inenso ndinali ndisanalione, koma tonse tinaweruza. Safunsa anadya phula, mwana wanga, ndipo Lamulungu lija phulalo ndinadya ndine."

Salome anadzutsa mutu pang'ono. Sanayembekezere zoterezi.

"Koma usaganize kuti watuluka," anapitiriza bambo ake, mawu atalimba. "Kundinamiza ndi kung'amba kope, zimenezo zandipweteka kuposa zigaza zonsezi. Ine ndimadzuka mbandakucha kukatsegula madzi kumunda kuti iwe ukhale ndi kope. Ndayenda msika wonse ngati wamisala, kulanda anthu mapepala kukamwa, chifukwa ndikudziwa kuti muli thukuta lako ndi langa. Iwe umaona ngati ndimatolera chiyani?"

"Umboni," anayankha Salome motsitsa.

A Kamphinda anamuyang'ana, kenako anaphulika kuseka mpaka kutsokomola. "Umboni! Ine wapolisi tsopano?"

Salome naye anafuna kuseka, koma chinthu chija chinali chikadali pachifuwa. Anaona kuti ngati sachinena lero, sadzachinenanso.

"Ababa, pali china. Phunziroli limandikoma. Aphunzitsi akamafotokoza za mafupa aja, ndimaona ngati n'zomveka. Ndiye ndikafika kutchalitchi ndimachita mantha kuimba. Ndimaona ngati Mulungu akundiona kuti ndine wachinyengo."

Kuseka kuja kunatha. A Kamphinda analoza thumba la mpunga wa mbewu lomwe linali pakhonde.

"Pa nthawi ya chakudya timati chiyani?"

"Timathokoza Mulungu potipatsa chakudya."

"Nanga iwe sudziwa komwe mpunga umachokera? Sunafese nawo nazale? Sunawokere mpaka msana kuuma? Sudziwa kuti madzi amakokedwa ndi pampu, ndipo alangizi anatiphunzitsa tsiku lothira feteleza? Zonsezo umazidziwa. Ndiye tikamati Mulungu watipatsa, timakhala tikunama?"

"Ayi."

"Mlangizi amandiuza momwe mpunga umamerera. Sanandiuzepo chifukwa chomwe ndiyenera kugawirako mayi wamasiye uja wa kuseri kwa tchalitchi. Zimenezo ndimazimva kwina. Iwenso pamene unali m'mimba, anamwino kusikelo ankatiuza mwezi ndi mwezi kuti tsopano kamutu kaumbika, tsopano timanja. Ine ndinkamvetsera zonse, ndipo utabadwa ndinagwada n'kuthokoza amene anakuumba. Sindinaone kuti anamwino andilanda Mulungu wanga."

Salome anafunsanso. "Nanga Adamu, Ababa? Nanga masiku asanu ndi limodzi aja? Aphunzitsi akuti zinatenga zaka mamiliyoni."

A Kamphinda anakanda m'mutu. "Apo ndiye wandipeza. Sindikudziwa. Ndamvapo Akhristu ena akuti masikuwo ndi masiku enieni ngati athuwa. Ena amati tsiku la Mulungu si la pa kalendala ya kugolosale. Onsewo amapemphera, onsewo amadya mgonero. Ndipo zina zili m'mapepala akowa sindinazimeze ayi, zandiima pakhosi. Koma Baibulo limati tinachokera kudothi, ndipo sindinaonepo munthu akuchita nalo manyazi dothilo. Chomwe ndagwiritsa ine n'chakuti sitinangopezeka mwangozi ngati bowa. Alipo anatifuna. Njira yomwe anadzera, ine ndi iwe tikhoza kumafunsa mpaka tidzakalambe."

"Ndiye si tchimo kufunsa?"

"Amene anakupatsa mutuwo ndani? Akupatse mutu, kenako akwiye kuti ukuugwiritsa ntchito? Mulungu saopa kope la Fomu 1, mwana wanga. Amene timaopa ndife."

Salome anamva ngati watula mtolo wa nkhuni womwe anausenza masiku onsewa. Anapuma mpweya wautali, ndipo anadabwa kumva kuti ali ndi njala.

"Ndiye sukulu ndipitiriza?"

"Ukafuna kusiya udzaone mkwiyo wanga weniweni. Katenge kope lija. Utengenso singano yosokera matumba, ili pamwamba pa chitseko, ndi ulusi wake."

Salome anathamangira m'nyumba n'kubwera nazo. A Kamphinda anasanja mapepala aja m'malo mwake, kuboola timabowo m'mphepete, n'kuyamba kusoka ndi dzanja lomwelo losokera matumba a mpunga. Msoko wake unali waukulu, wosaoneka bwino, koma wolimba moti ngakhale mbuzi ikanavutika nawo. Pomwe panasowa pepala anasokererapo loyera.

"Ili ukakopera kwa mnzako uja. Ndipo ukawauze mayi ake kuti palibe mlandu, zitumbuwa zawo n'zokoma. Kwa abusa tidzapita limodzi, kope lili m'manja, tikafunse za Adamu wakoyo. Kwa aphunzitsi akonso ndidzafika, ndili ndi mafunso anga."

"Anzanga akandiseka, Ababa. Kope lonse likununkha mafuta."

"Akuseke. Unang'amba wekha."

Anadula ulusi ndi mano, n'kumupatsa kope lija. Kenako anasendeza mpando wawo, kuvalanso magalasi, n'kuloza chigaza chachikulu chomwe Salome anajambula pa tsamba loyamba.

"Tsopano yambira apa. Uwerenge pang'onopang'ono, uzimasulira m'Chichewa. Pomwe sindikugwirizana napo ndizikuimitsa."

Salome anakhala pafupi ndi bambo ake n'kuyamba kuwerenga mokweza. Asanamalize mzere wachitatu, a Kamphinda anali atakweza kale chala.