Paipi Yopanda Mchenga

Masiye adali atagwada pansi pa mtengo wa mango akuwotcherera felemu ya njinga pamene Zuleka adatulukira akuthamanga, mpango uli m'manja, mapazi ali mbuu ndi mchenga. Mtsikanayu adali mwana wa Che Abdulkarim, dalaivala wa lole yonyamula mpunga ndi nsomba kuchoka ku Senga kupita ku Lilongwe. Adaima pafupi ndi mabotolo a gasi akupumira m'mwamba.

"Achimwene, bambo awatenga!"

Masiye adazimitsa moto, n'kukweza magalasi akuda pamphumi. "Awatenga ndani?"

"Anyamata a chipani. Awapeza panjira akuchokera kumzikiti. Akuti dzulo anachita dala kuwachedwetsa amayi opita kokavina kumsonkhano waukulu ku Lilongwe. Lole inakanika kukwera zitunda za ku Mvera. Imangofuka utsi wakuda, ikuyenda ngati yathyoka msana. Amayi anatsika n'kumakankha atavala nsalu zawo zachipani, ndipo pofika anapeza msonkhano utatha."

"Nanga bambowo akuti chiyani?"

"Akulumbira kuti galimoto inadwala yokha, koma palibe akuwamvera. Tiyeni mukaione, achimwene. Inu mumazidziwa zitsulo, ndipo bambo amakukhulupirirani. Mwina mukapeza chimene chavuta."

Mawu akuti amakukhulupirirani adamulasa Masiye mumtima. Chimene chidavuta adachidziwa kale asadanyamuke n'komwe, pakuti adachipanga ndi manja ake.

Masiku amenewo chipani chidali chimodzi, ndipo chikafuna galimoto yako sunkafunsa za mafuta. Chikakuloza chala kuti ukunyoza, anthu ankayamba kukulambalala ngati uli ndi nthomba. Ena otengedwa motero ankabwerako ataonda, ena osabwerako, ndipo abale awo ankangolira chamumtima. Masiye, ngakhale adali mnyamata wongosiya kumene sukulu, zonsezi ankazidziwa bwino.

Nkhani idayamba dzana lake. Che Abdulkarim adabwera ndi lole ija ikulira mosokosa, paipi ya ekizozi itang'ambika pamwala mumsewu wa kwa Maganga. Loleyo sidali ngati zinzake zakale. Injini yake idali ndi tebo, kachipangizo kokhala ndi timapiko mkati, komwe kamazunguliridwa ndi utsi wotuluka n'kumakankhira mpweya wambiri mu injini. Mkuluyo ankainyadira galimotoyo kuposa mwini wake, ndipo pofotokoza za tebo sankatopa.

"Mwanawe, tamvera," adatero tsiku limenelo akusisita ndevu zake zaimvi. "Galimoto iyi mphamvu zake zili potulukira utsi. Utsi ukatuluka momasuka, tebo imathamanga, injini n'kumakoka ngati ng'ombe zapagoli. Ukaupanikiza, yonse imabanika. Chigongono cha paipiyi uchipinde bwino, chikhale chobulungira mpaka mkati. Mawa ndanyamula amayi a chipani, sindikufuna manyazi."

"Musadandaule, madala. Ntchito imeneyi ndinabadwa nayo," adayankha Masiye modzigunda pachifuwa.

Kupinda paipi yaikulu kuli ndi mwambo wake, ndipo aliyense wowotcherera m'mbali mwa nyanja ankaudziwa. Umatseka mbali imodzi ndi chipika, n'kuthiramo mchenga wouma, uku ukugogoda kuti utsendereke. Ukadzaza umatsekanso mbali inayo, n'kutenthetsa chitsulo mpaka chifiire, kenako n'kumapinda pang'onopang'ono. Mchengawo ndiwo umagwira paipi mkati kuti isaphwanyike. Koma uyenera kukhala wouma ndithu, pakuti wonyowa umasanduka nthunzi n'kuphulitsa chipika kumaso kwako.

Tsoka lake, mvula idali itagwa m'mawa wonse. Ku Senga mchenga ndi wosayamba, umalowa ngakhale m'makutu, koma tsiku limenelo wouma udasowa ngati mankhwala. Kudafunika kuukazinga kaye pachilata, ntchito yodya nthawi. Ndipo masana omwewo timu ya ku Senga inkasewera ndi anyamata a ku Chitala, goloboyi wake ali Masiye yemweyo. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, koma mnyamata akamva wezulo kubwalo, miyambi imamulowa khutu ili n'kutulukira linalo.

Che Abdulkarim atapita kukaswali kumzikiti, Masiye adatenthetsa paipi yopanda kanthu mkati, adaikoletsa pamphanda ya mango n'kukoka ndi mphamvu zonse. Idapindika msanga, inde, koma pachigongono idafwanyika ngati bango lopondedwa. Adaiyang'ana kanthawi, mtima ukumuuza kuti ayambirenso. M'malo mwake adatembenuzira mbali yofwanyikayo kumwamba, kumene diso silifika, adamanga mabawuti, n'kupaka utoto wakuda. Mkuluyo pobwera adaliza injini, adamva kuti phokoso latha, adamuthokoza n'kumapita. Msewu wa ku Senga ndi wathyathyathya, choncho lole sidadandaule. Mpira umenewo a ku Senga adagonja, Masiye atamwetsedwa zigoli zochititsa manyazi.

Tsopano ankayenda pambuyo pa Zuleka atanyamula thumba la zida zake. Lole adaipeza itaima kuseri kwa chigayo cha mpunga, matayala ali matope okhaokha. Adalowa pansi pake chagada n'kupisa dzanja pamwamba pa chigongono chija. Chidali momwe adachisiyira, chophwatalala, utoto utapserera, chitsulo chitasintha mtundu chifukwa cha kutentha.

"Mwapezapo kanthu?" adafunsa Zuleka atasuzumira.

"Dikira kaye," adatero Masiye ndi mawu osamveka bwino.

Ali chigonere pamenepo, nzeru ina idamubwerera, yokoma ngati uchi. Dzuwa lidali litawala, mchenga utauma. Akadatha kumasula paipiyo mwakachetechete, kupinda ina yabwino, kuimanga, ndipo palibe akadadziwa. Mtima udayamba kutsika. Koma Zuleka adayankhulanso.

"A tcheyamani anena kuti madzulo ano apatsa dalaivala wina kuti akaiyese pachitunda. Akuti ikakakwera bwino, ndiye kuti bambo ndi abodza, mawa awapereka ku boma."

Masiye adatseka maso. Nzeru yake ija idasanduka msampha. Akakonza mobisa, lole ikakwera chitunda ngati mbawala, ndipo iye adzakhala atamumangirira yekha mkulu wosalakwa. Akaisiya momwemo n'kukhala chete, mwina dalaivala winayo akavutika nayo, koma anthu okwiya sasowa chonena. Akanati Che Abdulkarim adaiwononga dala. Mantha enieni adamugwira, pakuti adaona kuti njira yatsala imodzi yokha, ndipo inkadutsa pakhomo limene aliyense ankaliopa.

"Zuleka, tandipatsa sipanala ili m'thumbamo."

Adamasula mabawuti, adaisolola paipi ija n'kuiika paphewa. Zuleka ataona chigongono chophwanyikacho adamuyang'ana kumaso, ndipo sadafunikire kuuzidwa.

"Ndi inu?" adafunsa motsitsa. "Bambo anakuuzani ine ndili pomwepo. Anachita kukupemphani."

"Ndi ine, mlongo wanga."

Mtsikanayo sadalire. Adangomanga mpango wake kumutu n'kutsogola, osatembenukanso. Masiye adamulondola pambuyo. Adadutsa pamsika wa nsomba amayi akumuseka kuti wasenza mfuti yophera mvuu. Podutsa pamphambano yopita kwawo miyendo idafuna kukhota yokha, koma adailimbitsa.

Ofesi ya nthambi ya chipani idali kachipinda kuseri kwa sitolo. Pakhomo padaima anyamata awiri a malaya ofiira. Mkati mudali a Jameson, tcheyamani wa nthambiyo, amene masiku ena onse adali telala wosoka mayunifolomu a ana asukulu. Sadali munthu wankhanza mwachibadwa, koma tsiku limenelo nawonso thukuta lidali kamukamu, podziwa kuti akuluakulu awafunsa chifukwa chimene amayi a nthambi yawo sadaonekere pabwalo. Munthu wamantha akapatsidwa mpando amaluma kuposa wolimba mtima.

Pakona, pasimenti, padakhala Che Abdulkarim. Nsapato adali atawavula, kofia yawo ili pansi, mlomo utatupa. Masiye ataona imvi zija zili fumbi lokhalokha, misozi idalengeza m'maso.

"Iwe, zitsulo zako ukuzipititsa kuti? Pano si pagalaja," adatero a Jameson.

"Bwana, ndabwera ndi chimene chinachedwetsa amayi." Mawu adatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana. Adatsitsa paipi ija patebulo. "Iyi ndi njira ya utsi wa lole ija. Taonani apa. Utsi umafika apa n'kubwerera. Pamalo athyathyathya galimoto imapirira, koma pachitunda, itanyamula anthu, singakoke. Ngakhale mutaika dalaivala wotani, ingabanike basi."

A Jameson adakwinya nkhope. "Ine za injini sindizidziwa. Ndidziwa bwanji kuti sukungomuikira kumbuyo mnzakoyu?"

Pawindo padali ndimu limene wina adasiya. Masiye adalitenga, adaimika paipi n'kuliponya mkati. Lidagubuduka pang'ono, kenako zii. Adaigwedeza paipiyo, koma kunsi sikudatuluke kanthu. A Jameson adasuzumiramo ndi diso limodzi monga amachitira polowetsa ulusi pasingano, ndipo adaona ndimu litatsamwa pachigongono.

"Anapinda chonchi ndani?"

Masiye adadziloza pachifuwa.

"Ndine, bwana. Madalawa anandiuza bwinobwino kuti ndisamale. Ine ndinaona kuti kuumitsa mchenga kundichedwetsa kumpira, ndiye ndinapinda yopanda mchenga. Itaphwanyika ndinabisa mbali imeneyi kumwamba kuti asaone. Iwo sanadziwe chilichonse."

Che Abdulkarim adadzutsa mutu pang'onopang'ono. Adamuyang'ana mnyamatayo nthawi yaitali, ndipo m'maso mwawo mudali chisoni chambiri kuposa mkwiyo.

"Mpira," adatero mkuluyo. "Wallahi, ndamenyedwa pamaso pa ana anga chifukwa cha mpira."

"Ndikhululukireni, bambo."

A Jameson adayendayenda m'kachipindako akukanda m'mutu. Zidaoneka kuti mtolo wina wawatsika, koma wina udatsala, pakuti kumtunda kunkafunikabe dzina la munthu.

"Ndiye kuti wowononga ulendo wa chipani ndiwe," adatero potsiriza. "Unkadziwa kuti lole imeneyi inyamula amayi?"

Apa bodza laling'ono likadamuthandiza, ndipo Masiye adaliona likumukodola.

"Ndinkadziwa, bwana. Koma sindinachite pofuna kunyoza. Unali ulesi ndi kupusa."

"Zimenezo ukanena wekha ku boma mawa. Kaya akakumvera, kaya sakakumvera, si za ine." Adatembenukira kwa mkulu uja. "Inu a Che, valani nsapato zanu muzipita. Iwe, vula zako ukhale apo."

Masiye adavula nsapato zake zamatayala n'kukhala pakona pomwe padachoka mkuluyo. Simenti idali ikadali yofunda. Che Abdulkarim adatola kofia yawo, adaikung'untha, n'kutuluka akutsimphina, osamuyang'ananso. Chitseko chidatsekedwa, ndipo mnyamatayo adaika mutu pamawondo n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu. Adaganiza za mayi ake amene sankadziwa n'komwe kumene iye adali.

Kunja adamva Zuleka akunena kuti, "Tiyeni kunyumba, bambo, mukatsuke bala limenelo. Musiyeni, wazifuna yekha."

Padapita kanthawi. Kenako adamva benchi la pakhonde likulira, ngati munthu wolemera wakhalapo.

"Pita iwe, ukawauze amayi ako kuti ndili moyo," adatero mawu a Che Abdulkarim. "Ukatero udutse kwa mayi a mnyamatayu, uwauze mwaulemu, usawadzidzimutse."

"Nanga inu?"

"Ine ndikhala pompano. Mtima wanga sunamukhululukire, ndisakunamize. Koma akanatha kukhala chete, ine n'kupita osabwerako. Mawa akamakwera galimoto ya ku boma, ndikwera naye. Akulu akumeneko akaone mlomo wangawu, amve kuchokera kwa ine kuti mwanayu ndi wopusa chabe, si woukira."

Mmodzi mwa anyamata a malaya ofiira adawauza kuti pakhondepo saloledwa kukhalapo. Mkuluyo adayankha kuti akhoza kumumenyanso ngati akufuna, pakuti mbali ina ya mlomo idakali yabwino. Palibe adamukhudza, ndipo benchi lija silidalirenso, pakuti mkuluyo sadadzukepo.