Tionenji ndi Mbale ya Sitampoti

Tionenji anali mlendo pasukulu ya ku Wigston, kutsidya kwa nyanja. Anali ndi mnzake mmodzi yekha. Dzina lake anali Zeba.

Tsiku lina Zeba anati, "Ubwere kwathu Lachisanu. Udzadye nafe."

Tionenji anakondwa. Koma anachitanso mantha. Anali asanadyepo kwa eni.

Amayi anamuperekeza pa basi. Pachitseko cha kwa Zeba anamunong'oneza. "Kwa eni sakana chakudya. Komanso ndiwo sadya zokha. Wamva?"

"Ndamva, Mami."

Bambo a Zeba anabwera ndi poto wamkulu. Anapakulira aliyense. M'mbale munali mbatatesi yosinja. Anaisakaniza ndi masamba obiriwira. Pambali panali soseji ya ng'ombe.

"Izi ndi ndiwo," anaganiza Tionenji. "Nsima ikubwera."

Anadikira. Anayang'ana kukhitchini. Nsima sinabwere. Mpunga sunabwere.

Onse anayamba kudya. Tionenji anayang'ana mbale yake. Akadya, adya ndiwo zokha. Akaleka, wakana chakudya. Anabisa manja pansi pa tebulo.

"Tionenji, kodi sunachikonde?" anafunsa mayi a Zeba.

Tionenji anaweramitsa mutu.

Zeba anaika foloko pansi. Nkhope yake inagwa. "Mwina sakufuna za kwathu," anatero.

Mantha anakula. Zeba akakwiya, Lolemba asewera ndi yani? Misozi inalengeza.

"Ayi," ananong'ona Tionenji. "Ndikudikira nsima."

"Nsima n'chiyani?" anafunsa Zeba.

"Chakudya chenicheni. Izi ndi ndiwo chabe."

Bambo a Zeba anaseka pang'ono. Sanakwiye. "Mwana wanga, palibe china chikubwera. Ichi ndi sitampoti. Tinachizolowera ku Holandi, kumene Zeba anabadwira. Zonse zili m'mbale imodzi."

"Ndiye sindilakwa ndikadya?"

"Sulakwa ngakhale pang'ono."

Zeba anasendeza mpando wake pafupi. "Taona," anatero. Anakumba kadzenje pakati pa mbatatesi. Anathiramo msuzi wotentha. "Ili ndi damu. Uzidya m'mbalimo. Lisagumuke!"

Tionenji anakumba kadzenje kake. Analawa pang'ono. Analawanso. Zinali zofewa. Zinali zokoma.

Kenaka phwaa! Damu linagumuka. Msuzi unasefukira m'mbale monse.

"Waluza!" anakuwa Zeba. "Lachisanu linalo udzayesenso."

"Ndidzabwerenso?"

"Nanga ndipikisana ndi ndani?"

Belu linalira pakhomo. Anali amayi a Tionenji.

"Mami, lowani kaye," anatero Tionenji. "Ine ndi Zeba sitinamalize."