Galimoto Inkapumira Polakwika

Ndagi yanga nayi: mlendo wanga sagogoda, alibe miyendo, koma akalowa nyumba yonse imadziwa. Musathamangire kuyankha. Imvani kaye za atelala a mumsewu wathu.

Amuna awo ankagwira ntchito yothira mafuta m'magalimoto. Akaweruka madzulo, fungo la petulo ndi limene linkatsogola, eni ake n'kumabwera pambuyo. Atelala ankawaimitsa pakhomo. "Ovolosiyo ivulireni komweko, bambo. Mundinunkhitsira nsalu za eni." Iwo ankangoseka n'kupita kukasamba. Zinali choncho mpaka matenda a m'chifuwa anawatenga. Anasiya kamwana kakakazi kosayamba sukulu, ndi kagalimoto kofiira m'galaja.

Patapita miyezi, madzulo ena atelala akupinda mpendero wa siketi, mphuno zawo zinagwira kanthu. Petulo. Fungolo linadzera pansi pa chitseko cha kugalaja, nthawi yomwe ija yoweruka. Mlendo wa m'ndagi uja ndi ameneyo.

Mwana anasiya kusewera ndi mabatani. "Adadi abwera," anatero, osadabwa n'komwe.

Atelala anatenga tochi. Pansi pa galimoto panali pouma, popanda ndi dontho lomwe. Koma mpando wa woyendetsa, umene iwo ankaukokera kutsogolo chifukwa ndi afupi, unali utabwerera m'mbuyo. Anaugwira. Unali wofunda.

M'mawa mwake atalizitsa galimoto, kanyali kachikasu ka injini kanayaka ndipo sikanazime. Fungo linkabwera tsiku ndi tsiku dzuwa likangolowa. Atelala ankati akuopa, koma nthawi ikamayandikira ankaimitsa makina osokera n'kumadikira. Mwana ndiye anayamba kuzembera kugalaja. Tsiku lina anamupeza atagona kumpando wakumbuyo, maso ali psuu, mutu ukumuwawa, atasanza pamalaya. Anamunyamula n'kulowa naye m'nyumba. Kutangocha anapita naye limodzi pagalimoto yomweyo kwa mlamu wawo, mng'ono wa malemu, yemwe ndi makaniko.

"Mlamu, mwatsegula sitesheni yanu ya petulo osatiuza?" anatero makaniko atangosuzumira m'kati.

"Zachibwana siyani. Mwanayu andifera."

Makaniko anakhazika mwana patayala lakale, n'kulumikiza kamakina pansi pa chiwongolero. Anawerenga, anagwedeza mutu. "Injini ilibe mlandu. Ukuthawa ndi mpweya wa petulo. Thanki imapuma, mlamu, ngati munthu. Mpweya wake umadutsa m'kapaipi, umakasungidwa m'kabokosi ka makala, kenako injini imauwotcha. Yanuyi ikupumira polakwika."

Anayamba ndi chivundikiro cha thanki. Labala wake anali bwino. Ndiye anakoka makina a utsi. "Tiuzira utsi m'mapaipimu. Pomwe utulukire, pong'ambika m'pomwepo."

Anadikira. Makaniko ankaimba mluzu. Kenako utsi woyera unaonekera pafupi ndi tayala lakumbuyo, ukutuluka pa kamng'alu kochepa ngati ulusi.

Koma sunakwere m'mwamba. Unakwawa pansi. Unatsata m'mbali mwa galimoto, n'kukwera chitseko, n'kulowa pazenera. Pampando wa woyendetsa unaunjikana, unakhala. Unali ndi mapewa. Phewa lakumanzere linali lotsika pang'ono.

Mluzu unatha. Makaniko anavula chipewa. Mapewa a achimwene ake ankawadziwa.

"Ndisinthe paipiyi?" anafunsa chapansipansi.

Atelala anayang'ana utsi uja. Anayang'ana mwana, amene ankaumwetulira, m'maso mudakali mofiira.

"Sinthani."

"Mlamu, mwina tiyambe tadikira kaye..."

"Ndati sinthani. Mutseke paliponse."

Makaniko anadula paipi yakale, anaika yatsopano, anamanga zolimba. Anauziranso utsi, osatuluka paliponse. Atadzutsa mutu, pampando panalibe kanthu. Kanyali kachikasu kanazima. Palibe amene anatsanzika mnzake.

Madzulo ake atelala anaimitsa makina osokera nthawi yomwe ija. M'nyumba munkangomveka sopo ndi nsalu zosita. Mdima utagwira, anamva phokoso kugalaja. Kete. Kete. Kete. Chivundikiro cha thanki chinkalira ngati wina akuchipotokola osatha kuchitsegula. Chinalira nthawi yaitali. Atelala anaima kuseri kwa chitseko, dzanja lili pa chogwirira, osatsegula. Kenako kunangoti zii.

Sichinalirenso. Mutu wa mwana unasiya kuwawa, maso anayera. Atelala anayesa kutsegula okha chivundikirocho n'kununkhiza. Linali fungo la petulo basi, la aliyense. Anabwerera kwa mlamu wawo kukapempha kapaipi kakale kaja, koma kanali katapita ndi zinyalala.

Mumsewu wathu amanong'onezana. Ena amati malemuwo ankabwera kudzatenga mwana, mayiyo anachita bwino. Ena amati ayi, ankangofuna kufika pakhomo pawo akaweruka, monga mwa masiku onse. Atelala mpando wa woyendetsa amausiya m'mbuyo akatsika, ndipo m'mawa amaupeza wozizira.

Tsiku lina akumanga mwana lamba kumpando wakumbuyo, kamwanako kananunkhiza uku ndi uku, kenako kanawakoka mkono wa bulauzi.

"Amami, ankolo anatseka paliponse, eti? Nanga pano adadi akupumira pati?"